Kodi yunivesite imasankha bwanji kumene ndalama zake zipite?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti, popeza mayunivesite onse amanena kuti alipo pofuna kutukula dziko ndi madera owazungulira, amasankha bwanji choyambira ndalama zikapelewera.

Dziwani kuti gawo lalikulu la bajeti limakhala ndi eni ake chaka chisanayambe, chifukwa malipiro a aphunzitsi ndi antchito ena, magetsi, madzi ndi kukonza nyumba sizidikira. Nazo ndalama za mabungwe othandiza zimabwera zitamangiriridwa kale ku ntchito imene woperekayo wakonda. Choncho musataye nthawi ndi mawu okoma a m'chikalata cha masomphenya. Mtima weniweni wa yunivesite umaoneka mphunzitsi akapuma pa ntchito, akuluakulu n'kumakambirana ngati malo akewo atsale m'dipatimenti yomweyo kapena apite ku uinjiniya. Umaonekanso pogawa malo a ophunzira, kapena makina awiri a mu labotale akawonongeka pamene ndalama ikukwanira kukonza amodzi okha.

Nthawi zambiri boma ndi limene limatsogolera. Ku United States, lamulo la Morrill la mu 1862 linapatsa chigawo chilichonse maekala 30,000 pa phungu aliyense wa ku Congress kuti chikhazikitse makoleji a zaulimi ndi zamakina (tisaiwale kuti malo ambiriwo analandidwa kwa eni nthaka). Makoleji okhawo sanakwanire. Mu 1887 lamulo la Hatch linapereka ndalama za malo ochitira kafukufuku wa zaulimi, ndipo mu 1914 lamulo la Smith-Lever linakhazikitsa ntchito ya alangizi kuti zopezekazo zifike kwa mlimi. Panapita zaka 52 kuti kuphunzitsa, kufufuza ndi kulangiza zilumikizane, ndipo chilichonse chinafunika thumba lakelake.

Pa chitukuko cha dera, chida champhamvu n'kusankha amene aphunzire ndiponso kumene aphunzirire. Sukulu ya zaudokotala ya Northern Ontario ku Canada, yomwe inatsegulidwa mu 2005, imatenga ophunzira ambiri ochokera kumpoto komweko ndi kumidzi, ndipo m'chaka chachitatu amakhala miyezi isanu ndi itatu m'zipatala za m'matauni ang'onoang'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangizanso maiko mu 2010 kuti azitenga ophunzira ochokera kumidzi, popeza amenewa ndi amene kawirikawiri amabwerera kukatumikira kwawo.

Koma pali china chokokera kumbali. Mindandanda ya mayunivesite apamwamba, monga ya Times Higher Education ndi QS, imayang'ana kwambiri kafukufuku wofalitsidwa ndi kutchuka kwa sukulu, ndipo malamulo okwezera aphunzitsi amatsatira momwemo. Mphunzitsi amene watha chaka akuthandiza khonsolo kukonza ndondomeko ya madzi amaona mnzake wolemba mapepala akukwezedwa, iye ali pomwepo. Ine ndimaona kuti yunivesite imene sinasinthe malamulo amenewa sinaike chitukuko patsogolo, ngakhale itamanga nyumba zingati.

Njira ina ndi kuunjika chuma pa madipatimenti ochepa, monga inachitira World Bank mu pulogalamu ya Africa Centers of Excellence kuyambira mu 2014. Zimathandiza, komabe dipatimenti ya masamu kapena yophunzitsa aphunzitsi ikasiyidwa ndi njala, pakapita zaka sukulu ya uinjiniya yomwe inakonderedwayo imayamba kulandira ana amene masamu a ku sekondale anawaphunzira mwapatalipatali.