Mikombero ya nyali za Morris Minor: tibwezeretse chrome kapena tipente?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi galimoto ya Morris Minor 1000 ya chaka cha 1962 imene anandisiyira malemu agogo anga, ndipo ndikuikonza pang'onopang'ono kuti iyambenso kuyenda. Mikombero yonyezimira ya nyali zakutsogolo yachita timadontho ta dzimbiri, ndipo umodzi wayamba kusupuka. Mmisiri amene akupenta galimotoyi akuti tingoipaka penti yofanana ndi bodi. Kodi ndivomere? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Bambo, ife tikuti musavomere msanga. Pa galimoto yakale, chimene chimagamula nkhani yotere ndi momwe galimotoyo inatulukira ku fakitale, ndipo Morris Minor 1000, yomwe inapangidwa kuyambira 1956 mpaka 1971, inkabwera ndi mikombero ya chrome. Mukaipenta, nkhope ya galimotoyo imasintha kwambiri kuposa momwe mungaganizire, chifukwa nyali zake zili pamwamba pa madigadi ozungulira, ndipo mkombero wonyezimira ndiwo umasiyanitsa galasi la nyali ndi penti. Wodziwa magalimoto akale amaona zimenezi asanafike pafupi, ndipo tsiku limene mungafune kuigulitsa adzatsitsa nazo mtengo.

Sitikunena kuti penti ndi yolakwika pa galimoto iliyonse yakale. Mu Januwale 1942, dziko la America litangolowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, boma linaletsa kukongoletsa magalimoto ndi zitsulo zonyezimira popeza chromium ndi nickel zinkafunika popanga zida, motero magalimoto otsiriza amene anatuluka mafakitale asanasiye kupanga magalimoto a anthu wamba mu Febuluwale chaka chomwecho anali ndi zokongoletsa zopentedwa. Lero magalimoto amenewo ndi osowa, ndipo amene ali nawo amasunga penti yakeyo mosamala. Nayonso Porsche 911 Turbo ya 1975 inatuluka ndi mikombero ya mtundu wofanana ndi bodi, panthawi imene opanga magalimoto ambiri ankasiya zonyezimira. Pa magalimoto otere, kuika chrome ndiko kukanakhala kulakwitsa. Yanu sili m'gulu limeneli.

Palinso chifukwa china chimene mmisiri wanu ayenera kuchimva. Chimene timachitcha chrome si chitsulo chimodzi: pa ntchito yabwino amayamba kukuta ndi mkuwa, kenako nickel, ndipo pamwamba penipeni amaika chromium yopyapyala kwambiri, yosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Chinyezi chikalowa m'timabowo tosaoneka ndi maso, dzimbiri limayambira pansi n'kutukumula zonsezo, monga momwe chiswe chimadyera mtengo m'kati khungwa likuoneka labwinobwino. Penti yopakidwa pamwamba pa mkombero wotere sigwira, chifukwa chromium ndi yolimba ndiponso yoterera, ndipo dzimbiri la pansi limapitiriza ntchito yake. Kumalo achinyezi ngati ku Zomba, sipatenga nthawi yaitali pentiyo isanayambe kukanganuka.

Yambani ndi kutsuka mikomberoyo ndi sopo, kenako muipukute pang'onopang'ono ndi pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya lija mutalinyowetsa m'madzi. Timadontho tambiri timachoka, ndipo mukapaka polishi wa galimoto pamwamba, chinyezi sichilowanso mosavuta. Umene ukusupukawo ndiye sungachire mwanjira imeneyi. Kuukutanso ndi chrome kumafuna fakitale yokhala ndi zida zake, pakuti mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito ndi oopsa ndipo amayambitsa khansa, choncho musalole aliyense kuyesa zimenezi kuseri kwa galaja. Mwayi wanu ndi wakuti nyali za galimotoyi ndi za kampani ya Lucas za mainchesi 7, saizi yomwe inalinso pa Mini, MG ndi Land Rover, ndipo mikombero yatsopano ikugulitsidwabe ku Britain, nthawi zambiri pamtengo wotsika kuposa kukutanso wakale. Ngati muli ndi wachibale kumeneko, mutumizireni chithunzi chosonyeza pamene pamalowa sikuluwu, chifukwa mikombero ya saizi imodzi imasiyana kamangidwe kake.

Penti ya m'chitini yolembedwa kuti chrome muipewe, chifukwa imaoneka bwino tsiku loyamba lokha, kenako imazilala n'kukhala yotuwa. Ngati ndalama zavuta ndipo mukufuna kuti galimoto iyambe yayenda, pezani mikombero ina yotha kwa ogulitsa zipangizo zakale, mmisiri aikwechese ndi sandipepala mpaka kunyezimira konse kutachoka, apake penti yoyambira yogwira pachitsulo, kenako apake ya mtundu wa bodi. Ya agogoyo muipake mafuta pang'ono, muikulunge m'nsalu youma, n'kuisunga mpaka mutapeza njira yoikonzera.