Mpira ukungothawira kumpanda: yankho kwa bambo amene ayamba tenisi ali ndi zaka 44

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wakwathu konkuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ali ndi zaka 44, ndipo tenisi ayiyamba miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Dandaulo lawo n'lakuti akamenya mwamphamvu mpira umauluka mpaka kukagunda mpanda, akafewetsa umakodwa mu neti, ndipo tsopano chigongono chayamba kuwawa. Aonera mavidiyo a katswiri wa tenisi Carlos Alcaraz pa YouTube mpaka maso kufiira, koma palibe chikusintha. Anamaliza ndi funso: "Kodi ndachedwa, kapena pali chimene ndikulakwitsa?"

Achimwene, simunachedwe. Ine raketi ndinayigwira koyamba ndili ndi zaka 37, ndipo chaka choyamba ndinatha nthawi yambiri ndikutola mipira m'maudzu kuseri kwa mpanda kusiyana ndi kusewera. Zimene mukulakwitsa zilipo ndithu, koma zambiri sizili m'mkono mmene mukuganiziramo.

Ndiyambe ndi kukuchotserani mlandu umodzi, chifukwa si wanu. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, ndiye suugwira mpira mmene umachitira kumadera otsika. Mpira umathamanga, umapita patali, ndipo ukagwa umanjanja kwambiri. Malamulo a bungwe loona za tenisi padziko lonse la ITF amalola mpira wapadera pa malo okwera kuposa mamita 1,219. Choncho mukamagula, yang'anani chitini cholembedwa kuti high altitude. Anzanu a ku Lilongwe, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, chodzikhululukira chimenechi alibe.

Komabe ine ndikanakhala inu ndikanayamba n'kugula mipira ya kadontho kobiriwira. Mipira imeneyi imayenda pang'onopang'ono ndi 25 peresenti poyerekeza ndi wamba, ndipo ya olenji ndi 50 peresenti. Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: imeneyo ndi ya ana. Nanenso ndinatero. Mphunzitsi wanga atanditulutsira mipira ya olenji ndinachita manyazi, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wondidziwa. Koma tsiku limenelo ndi limene ndinabweza mpira maulendo 20 osaduka, pomwe kale ndikafika kanayi ndinkaona ngati ndawina chikho. Thupi limaphunzira pobwereza. Munthu amene wamenya mipira 300 pa ola limodzi amusiya kutali mnzake amene wamenya 40 n'kutha nthawi yotsalayo akutola.

Tsopano pamutu penipeni pa nkhani. Mpira umakhala pa zingwe za raketi kanthawi kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Pa kanthawi kotereka palibe chimene dzanja lingakonze. Kumene mpira upite kumakhala kutadziwika kale musanaugunde, malinga ndi pamene mwaima ndi nthawi imene mwayamba kukonzeka. Akuluakulu ambiri oyamba kumene amaima chilili n'kumauyang'ana mpira ukubwera, ukagwa pansi m'pamene amakumbuka kubweza raketi kumbuyo. Apo madzi afika kale m'khosi. Mpira umawapeza pambali pa chiuno kapena kumbuyo, ndiye amangoukankha ndi dzanja, nkhope ya raketi italoza kumwamba. Mpanda uja ndi umenewo.

Chitani chonchi. Mnzanuyo akamagunda mpira, inu dumphani pang'ono n'kutera pa zala za mapazi, miyendo itatalikirana. Mukangozindikira mbali imene mpira ukubwera, tembenuzani mapewa nthawi yomweyo, usanawoloke neti. Ngati mumasewera ndi dzanja lamanja, lamanzere ligwire pakhosi pa raketi potembenukapo, likuthandizani kuti mapewa azungulire osati mkono wokha. Kenako timasitepe ting'onoting'ono, ndipo muugunde mpira uli kutsogolo kwa thupi, pakati pa chiuno ndi chifuwa. Mphamvu ichokere m'miyendo ndi m'chiuno. Amene anawazapo nkhuni akudziwa kuti wogwiritsa mikono yokha amatopa chipika chisanang'ambike.

Pa forehand, kumenya mpira wobwera kumbali ya dzanja lamanja, gwirani mpini ngati mukupatsana moni ndi raketiyo. Kagwiridwe kameneka ndi kamene amati eastern, ndipo kwa woyamba n'kokwanira. Raketi iyambire pansi pa mpira n'kukwera, ikathere paphewa lamanzere. Kukwerako ndi kumene kumazunguza mpira kuti ukhote n'kugwera mkati. Ndipo lekani kulimbana ndi neti. Pakati pake ndi yotalika masentimita 91.4 basi, pomwe kuchokera pa neti kukafika pamzere wakumbuyo pali mamita pafupifupi 12. Malo alipo ambiri. Lozani mita yathunthu pamwamba pa neti. Onetsetsani bwino masewero a Rafael Nadal, muona kuti mipira yake yambiri inkadutsa patali ndi neti. Kamera ya pa TV ndi imene imatinamiza kuti akumenya mothyathyathika.

Za Alcaraz zija, muoneni kuti musangalale. Iye anayamba ali mwana wa zaka zinayi, ndipo dzanja lija limachita zinthu zimene mukazitsanzira pa zaka 44 mudzangolemeretsa madokotala.

Chigongono n'chimene chandidetsa nkhawa mu imelo yanu. Ululu ukakhala kunja kwa chigongono, nthawi zambiri zimakhala kuti mitsempha yotukula dzanja yatopa pamene imalumikizana ndi fupa. Zoyambitsa zake kwa oyamba kumene zimadziwika: kufinya mpini ngati wina akufuna kukulandani, kumenya backhand (mpira wobwera kumanzere) ya dzanja limodzi mochedwa, ndi zingwe zolimba. Mpini ugwireni mmene mungagwirire mwanapiye, asathawe komanso asafe. Backhand yesani ya manja awiri, monga amachitira Novak Djokovic. Dzanja lamanzere ndi limene limagwira ntchito yaikulu, lamanja limapuma. Ya dzanja limodzi ya Roger Federer ndi yokongola, sindikukana, koma imafuna kuti mufike pampira msanga nthawi zonse. Ngati raketi yanu ili ndi zingwe za polyester, kaziduleni, akuikireni zofewa za nayiloni pa makilogalamu 22 kapena 23. Ululu ukapitirira milungu iwiri kapena itatu, kapena mukayamba kuumva ponyamula kapu ya tiyi, siyani kaye raketi mukaonane ndi a fiziyo.

Mnzanu wosatopa ndi khoma. Björn Borg, amene anawina mpikisano wa Wimbledon kasanu motsatizana kuyambira 1976 mpaka 1980, ali mwana ankathera nthawi yake akumenya mpira pachitseko cha galaja kwawo ku Södertälje, ku Sweden. Ine khoma langa linali la kuseri kwa holo ina ya tchalitchi. Ndinalemba mzere ndi khala pa msinkhu wa neti, n'kulemba wina mita imodzi pamwamba pake, ndipo ndinkawerenga mipira yokhayo yogunda pamwamba pa mzere wachiwiriwo. Imani patali, menyani ndi theka la mphamvu, mpira unjanje kamodzi. Mphindi 15 katatu pa sabata. Mukafika 30 osaphonya m'pamene muwonjezere liwiro.

Sevi, kumenya koyambitsa mpira, simunaifunse, koma ndinenepo mawu awiri. Gwirani mpini ngati wa hamala, ndipo mkono uyende mmene munkagendera mango muli mwana. Poyamba mipira izithawira kumbali, musabwerere ku kagwiridwe kakale kokhala ngati mukupha ntchentche.

Loweruka likudzali pemphani mnzanu akujambuleni pafoni ataima chammbali, masekondi 30 okha, miyendo ioneke. Mukamaonera, imitsani vidiyoyo pamene mpira wagwa mbali yanu, muone ngati mapewa atembenuka kale. Munditumizire nanenso ndione, ndipo mundiuze mmene chigongono chikumvekera.