Mwadula fayilo, koma zakale zikutulukiranso

Wowerenga wina wa ku Luwinga, wophunzira pa Mzuni, wanditumizira imelo. Akulemba filesystem yakeyake (pulogalamu yosanja mafayilo pa disiki) pogwiritsa ntchito FUSE, chida cholola munthu kulemba filesystem ngati pulogalamu wamba. Akuti akadula fayilo ya mabayiti 8192 ndi ftruncate (lamulo losintha kukula kwa fayilo) kuti itsale 5000, kenako n'kuikulitsanso, zomwe anadula zija zimaonekanso. Funso lake: vuto lili mu write (khodi yolemba) kapena mu truncate (khodi yodula)?

Achimwene, ine ndikuloza truncate. Ngati block yanu (kachigawo ka disiki kosungira mabayiti) ndi ya mabayiti 4096, malire a 5000 agwera mkati mwa block yachiwiri. Mabayiti 904 ndi amoyo, otsala 3192 akadali pa disiki ndi zakale zawo. Khodi yanu yangosintha nambala ya kukula kwa fayilo mu inode (kaundula wa fayiloyo) basi, ngati munthu wosuntha malire a munda mapesi akale ali chiimire. Pomwe POSIX, muyezo wa makina amtundu wa Unix, imanena kuti gawo lowonjezeka liziwerengeka ngati maziro. Ndiye podula, lembani maziro kuchokera pa malire atsopano mpaka kumapeto a block imeneyo.

Write nayonso musaikhulupirire msanga. Dulani pa 5000, pitani pa 7000 ndi lseek (lamulo losamukira pamalo ena mu fayilo), lembani bayiti imodzi, muwerenge zapakatipo. Pakapezeka china osati maziro, nthenda ndi yomweyo. Choopsa kwambiri ndi block yomwe inali ya fayilo ina: mukaipereka osaipukuta, zinsinsi za munthu wina zatuluka.

Poyesa, yambani ndi manambala a m'malire: 0, 1, 4095, 4096, 4097. Kenako tengani fsx, kapulogalamu kakale ka 1991 ka ku NeXT komwe lero kali mu xfstests, gulu la mapulogalamu oyesera ma filesystem. Kamalemba, kudula ndi kuwerenga mwachisawawa, kwinaku kakuyerekeza fayilo ndi kope lomwe kasunga mu memory. Kakagwira cholakwika, sungani seed yake (nambala yoyambira kusankha kwamwachisawawa kuja), muthamangitsenso yomweyo, muzichepetsa masitepe mpaka atsale atatu kapena anayi. Amenewo akhale test yokhazikika musanakhudze khodi.

Za magetsi munalibe kufunsa, koma kuno kwathu amazima osatsanzika. Mu 2009 ogwiritsa ntchito ext4, filesystem ya Linux, ankapeza mafayilo opanda kanthu kompyuta ikazima mwadzidzidzi, chifukwa kudula kunkafika pa disiki zolembedwa zatsopano zisanafike. Yesani zimenezo mu QEMU, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekeza: izimitseni mwadzidzidzi pakati pa ntchito, muiyatsenso, muone ngati zomwe fsync (lamulo lokakamiza zolembedwa kufika pa disiki) inavomereza zilipo zonse.