Yankho kwa achemwali omwe afunsa za udindo wa vice chair ku Political Communication

Achemwali, mwati anzanu akukukakamizani kuti muime pa chisankho cha vice chair wa nthambi ya Political Communication ku ICA ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi ntchito yolemetsa kapena ndi dzina chabe loika pa CV. Ine ndinene zoona, ndi ntchito, ndipo ndikukupemphani kuti muime.

Kwa ena mugulu muno amene simukuidziwa, ICA ndi International Communication Association, bungwe la akatswiri a zofalitsa nkhani lomwe linayamba mu 1950 ku America ndipo likulu lake lili ku Washington. Mkati mwake muli nthambi zambiri, ndiye iyi ya Political Communication ndi imodzi mwa zikuluzikulu, ya anthu ofufuza momwe andale, atolankhani ndi ovota amalankhulirana, za kampeni, nkhani zabodza pa intaneti, mawailesi nthawi ya zisankho ndi zina zotero. Udindo wa vice chair mumakhalapo zaka ziwiri kenako mumakwera kukhala chair zaka zina ziwiri, ndiye mukavomera dziwani kuti mwadzimangirira zaka zinayi, osalipidwa.

Chomwe chidzakudyereni tulo ndi pulogalamu ya msonkhano wa pachaka. Anthu amatumiza mapepala awo chakumayambiriro kwa November, ndipo amabwera ochuluka zedi, pepala lililonse liyenera kuwerengedwa ndi ma reviewer osadziwa mwini wake, ndiye inuyo ndi amene mumasakasaka anthu owerengawo, kuwapempha, kuwakumbutsa, ena amavomera kenako kuzimitsa foni mpaka tsiku lomaliza litadutsa, ndipo zonsezi zimachitika nthawi yomwe kuno muli pakati polemba ma exam ndi kuchonga. Mukamaliza pamenepo likulu limakupatsani malo owerengeka a ma panel, omwe ndi magawo a zokambirana pa msonkhanowo, mapepala abwino ambiri amagwa osati chifukwa ndi oipa koma malo palibe. Kenako kulumikiza mapepala anayi kapena asanu oti agwirizane pamutu umodzi, kupeza wotsogolera zokambirana, kuonetsetsa kuti munthu mmodzi sanaikidwe zipinda ziwiri nthawi imodzi.

Zinazo ndi zopepukirapo. Pali business meeting, ka bajeti kochepa komwe kamadalira chiwerengero cha mamembala, makomiti a mphotho monga ya Kaid-Sanders ya pepala lopambana pachaka, komanso ubale ndi anzathu a APSA (American Political Science Association, bungwe la ku America la akatswiri a zandale) chifukwa magazini ya kafukufuku yotchedwa Political Communication ndi ya mabungwe awiriwa limodzi.

Tsopano chifukwa chomwe ndikuti muime. Mukatsegula mapulogalamu a misonkhanoyi mupeza kuti kafukufuku wambiri ndi wa America ndi kumadzulo kwa Ulaya, za Trump, za Brexit, za Twitter. Munthu ukatumiza pepala la ku Malawi reviewer amakufunsa kuti chifukwa chani Malawi, funso lomwe wolemba za Ohio ku America safunsidwa. Koma taganizani zomwe tinaona kuno. Chisankho cha 2019 chija cha tipeksi, mlandu wake unkaulutsidwa pa wailesi anthu kumvera m'minibasi ndi m'misika miyezi yathunthu, khothi n'kuchithetsa pa 3 February 2020, tinakavotanso pa 23 June chaka chomwecho. Mu Africa muno dziko lomwe linali litachitapo zimenezi pa chisankho cha pulezidenti ndi Kenya yokha mu 2017. Ma voice note a pa WhatsApp, nyimbo za kampeni, nsalu za zipani, mafumu ndi abusa kulankhula pamaliro, zonsezi ndi political communication yeniyeni, koma ngati wosankha ma reviewer sakudziwa munthu aliyense ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Accra, pepala lotere limagwera m'manja mwa munthu amene sanamvepo wailesi ya m'dera ndipo amaligwetsa ndi mtima woyera. Wokhala pampando wa vice chair ndi amene amasankha owerenga, ndiye mphamvu zili pamenepo.

Ndisakunamizeni za ndalama. ICA imachepetsa mtengo wa umembala ndi wolembetsa kwa anthu a m'maiko osauka, Malawi ili m'gulu lotsika mtengo, koma ndege, hotelo ndi visa ndi zanu, ndipo ndi mavuto a forex tili nawowa ulendo wa ku Toronto ngati wa 2023 kapena ku Gold Coast ku Australia wa 2024 si masewera. Musanavomere kakhaleni pansi ndi a dean, akulembereni papepala kuti akuthandizani motani ndipo akuchepetserani makalasi angati, zapakamwa musalole. Chondilimbitsa mtima n'choti msonkhano wa 2026 anausankhira Cape Town, ndipo kunachitikapo kale misonkhano ya ICA ya chigawo chino ku Nairobi mu 2016 ndi ku Accra mu 2018, ndiye anthu oti akuvotereni ndi kukuthandizani alipo.

Ngati simunakhalepo reviewer kapena mu komiti ina iliyonse ya nthambiyi, yambani chaka chino kuti dzina lanu lidziwike. Ndipo yambani lero kulemba mayina a anzathu a kuno omwe angawerenge mapepala, langa liikeni pamwamba.