Tengani masizoni oyambirira okha

Achimwene a ku Mtunthama, mwafunsa ngati kuli kwanzeru kudzaza fulashi yanu ndi masizoni onse a The Big Bang Theory kuti muzionera ndi banja lanu madzulo, komanso mwafunsa za batire la sola. Za batire akuyankhani ena odziwa, ine ndinena za sewerolo.

Langizo langa ndi lakuti mutenge masizoni atatu kapena anayi oyambirira basi. Amene akukuuzani kuti sewero likakhalitsa pa kanema ndiye kuti n'lokoma mpaka kumapeto, ndikukayika ngati anaonera okha mpaka kumapetoko. Seweroli linayamba mu 2007 n'kutha mu 2019, lili ndi masizoni 12 ndi magawo 279, ndipo palibe gulu la alembi limene lingapeke nkhani zatsopano zochuluka chotero zokhudza anthu omwewo okhala m'nyumba yomweyo. Makanema akuluakulu a ku America ankafuna magawo oposa 20 chaka chilichonse, gawo lililonse la mphindi pafupifupi 22, choncho alembi akaona kuti nthabwala ina yaseketsa anthu amaibwereza chaka ndi chaka, monga mayi wothira madzi m'ndiwo kuti zikwanire alendo. Sheldon, mmodzi wa anthu a m'seweroli, akagogoda pachitseko katatu kapena akakanira malo ake pampando mumaseka ulendo woyamba ndi wachiwiri, koma pofika sizoni yachisanu ndi chitatu ngakhale ana anu azidzanena mawuwo iye asanatsegule pakamwa.

Chimene chimandikhumudwitsa kwambiri ndi chakuti munthu amene poyamba anali ndi makhalidwe osiyanasiyana amatsala ndi khalidwe limodzi lokha. Mu The Simpsons, imene inayamba mu 1989 ndipo inadutsa kale magawo 700, Ned Flanders anali mnansi waulemu wokonda kupemphera, koma patapita zaka alembi anamusandutsa munthu amene chilichonse chimene anganene ndi cha chipembedzo. Nzeru zikawathera amabweretsa ukwati, kenako mimba, kenako mlendo watsopano m'nyumbamo. Mukaona zimenezi zayamba kutsatizana, dziwani kuti zokoma zatsalira m'mbuyo.

Ine ndinataya ndalama pa zimenezi pa boma pompano. Mnyamata wina woika mafilimu m'mafulashi anandinyengerera kuti nditenge Two and a Half Men yonse, ndipo ndinalipira ndalama zoposa K3,000 nthawi imeneyo, ngakhale kuti pano mtengo uyenera kuti unakwera. Sanandiuze kuti Charlie Sheen, wosewera wamkulu m'sewerolo, anachotsedwa mu 2011 n'kulowetsapo Ashton Kutcher, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangoona nthabwala zakale zomwezo zikutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Kuwonjezera apo magawo anawasakaniza, ena analibe mawu, ndipo nditabwererako anakana kundibwezera ndalama ponena kuti vuto ndi TV yanga. Choncho musachoke pamalopo asanakutsegulireni magawo angapo a pakati, osati loyamba lokha, ndipo mumve mawu ndi makutu anu. Ndikuchenjezeninso kuti sewero la Two and a Half Men si loonera pamodzi ndi ana kapena apongozi, chifukwa nthabwala zake zambiri ndi za kuchipinda.

Malo otsala mu fulashiyo muikemo Mr. Bean, amene ali ndi magawo 15 okha. Anasiya nzeru zisanawathere, ndipo popeza salankhula kwambiri, ngakhale agogo amene samva Chingelezi adzaseka nanu limodzi. Muwauze anyamatawo kuti mukufuna ya Rowan Atkinson weniweni, chifukwa mukapanda kunena akhoza kukuikirani ya makatuni.