Kutsitsa mapaketi a Python kamodzi kokha pa makompyuta onse a mu labu

Aphunzitsi, mwati makompyuta 15 a mu labu yanu ku Salima akumaliza bandulo chifukwa wophunzira aliyense akutsitsa payekha pandas, paketi ya Python yosanthulira deta, ndipo mukufuna kutsitsa kamodzi basi. Ndi zotheka, ndipo simufunika kugula seva.

Musanatsitse kanthu, pitani pa kompyuta iliyonse mulembe python --version, muonenso ngati Windows yake ndi ya 64-bit kapena 32-bit. Ambiri amagwera pamenepa. Mkati mwa pandas ndi numpy (paketi ya masamu imene pandas imadalira) muli zigawo za C zomangidwa kale, choncho fayilo yawo iliyonse ya .whl (fayilo imene paketi imabweramo) imayenderana ndi Python imodzi komanso mtundu umodzi wa makina. Dzina lake limanena: mukaona cp311 ndi win_amd64, ndiye kuti ndi ya Python 3.11 pa Windows ya 64-bit. Mukaipereka kwa Python 3.12, pip, pulogalamu yoikira mapaketi a Python, ikuuzani kuti "No matching distribution found" pamene fayiloyo mukuiona ndi maso anu mu foda. Ndiye ikani Python yofanana paliponse. Ngati muli ndi makompyuta akale a Windows 7, amenewo amalekezera pa Python 3.8, yomwe pandas yake yomaliza ndi 2.0.3 ndipo numpy ndi 1.24.4. Awa apatseni foda yawoyawo.

Tsopano pa kompyuta imodzi ya intaneti, lembani mayina a mapaketi mu fayilo ya requirements.txt, lililonse ndi nambala yake ya version, monga pandas==2.2.2. Musasiye dzina lopanda nambala, apo ayi mukadzatsitsanso teremu yamawa mudzapeza zina zosiyana ndi zomwe zili mu manotsi anu. Kenako lembani:

pip download -r requirements.txt -d mapaketi

Lamuloli limakokanso mapaketi ena omwe pandas imadalira, ngati python-dateutil. Ngati mukutsitsira pa laputopu ya Linux kapena Mac, onjezani --platform win_amd64 --python-version 3.11 --only-binary=:all: kuti zibwere za Windows.

Foda ija mutha kuiyendetsa pa flashi, koma flashi yolowa makompyuta 15 sichedwa kutola mavairasi. Ine ndimakonda netiweki ya mu labu momwemo. Lowani mu foda ya mapaketi, mulembe python -m http.server 8000. Pa makompyuta enawo mulembe:

pip install --no-index --find-links http://192.168.1.10:8000/ --trusted-host 192.168.1.10 pandas

Nambala ya IP muike ya kompyuta yanuyo, muipeza ndi ipconfig. Mawu a --no-index ndi amene amaletsa pip kupita ku PyPI, nkhokwe ya mapaketi a Python ya pa intaneti, ndiwo akupulumutsirani bandulo. Mukaiwala --trusted-host, pip imakana adiresi ya http yopanda s. Zikakanikabe, yang'anani zinthu ziwiri: firewall ya Windows yatseka port 8000, kapena magetsi atazima rauta yapereka IP ina. Ikhazikitseni IP imeneyo mu rauta kuti isamasinthe. Kuti ophunzira asamalembe mzere wautaliwu tsiku lililonse, gwiritsani ntchito pip config set kamodzi pa kompyuta iliyonse, pa global.no-index, global.find-links ndi global.trusted-host.

Ophunzira akayamba kufuna mapaketi osiyanasiyana, ikani devpi-server, pulogalamu yosunga mu labu momwemo mapaketi ochokera ku PyPI. Imamvera pa port 3141, ndipo paketi ikatsitsidwa ndi munthu woyamba imasungidwa, otsatira onse amatenga pompo. Koma pa kalasi yongoyamba kumene, foda ija ndi yokwanira.

Pali chinthu chomwe ndikupempha musachitenge mopepuka. Pa PyPI aliyense atha kuikapo paketi, ndipo achinyengo amaika mayina ofanana ndi otchuka, kungosintha chilembo chimodzi. Dzina muzilikopera kuchokera pa tsamba la eni ake, osati kulemba za m'mutu, chifukwa mukalakwitsa inu mwagawira labu yonse. Ngati mudzakhala ndi mapaketi anuanu, pewani --extra-index-url, mawu ouza pip kuti iziyang'ananso malo ena kuwonjezera pa PyPI. Pip imayang'ana malo onse awiri n'kutenga paketi ya nambala yaikulu, osasamala kuti yachokera kuti. Mu Disembala 2022 anthu otsitsa paketi yotchuka ya PyTorch, ya mtundu woyeserera, anakoka paketi yabodza yotchedwa torchtriton yomwe wina anaiika pa PyPI, ndipo inkaba mafayilo a pa makina awo.

Za laisensi musadandaule nazo kwambiri pophunzitsa: numpy ndi pandas ndi za laisensi ya BSD, kugawana n'kololedwa. Wophunzira akafuna kugulitsa pulogalamu yake ndi pomwe ayenera kuwerenga bwino, makamaka akaona laisensi ya GPL, chifukwa imafuna kuti wogula apatsidwenso kodi. Ndipo wophunzira aliyense azipanga python -m venv .venv mu foda yake (lamulo lomupangira malo akeake oikamo mapaketi), kuti wa m'mawa asasokoneze ntchito ya wa masana pa kompyuta yomweyo.