Mafunso ndi Mayankho: Query Ikamabweza Zimene Simunayembekezere

FUNSO: Ndimasunga mbiri ya mabuku obwereketsa mu database (nkhokwe yosungiramo zinthu pa kompyuta) ya PostgreSQL, momwe muli tebulo la mamembala ndi lina la zobwereka. Pofuna kupeza mamembala amene sanabwerekepo buku ngakhale limodzi, ndinalemba query (funso lofunsa database) motere:

SELECT dzina FROM mamembala WHERE id NOT IN (SELECT membala_id FROM zobwereka);

Kompyuta sikudandaula chilichonse, koma sikubweza mzere ngakhale umodzi, chonsecho ndikudziwa kuti anthu otere alipo ambiri. Kodi vuto lili pati?

YANKHO: Muyambe mwayang'ana kolamu ya membala_id mu tebulo la zobwereka, chifukwa ndikukhulupirira kuti muli mzere, ngakhale umodzi wokha, umene kolamuyo ili ndi NULL. Chizindikiro chimenechi si ziro ndiponso si malo opanda mawu. Chimatanthauza kuti chimene chinayenera kukhala pamenepo sichikudziwika. Edgar F. Codd wa ku IBM, amene anayala maziko a ma database a matebulo m'chaka cha 1970, anaumirira kuti zosadziwika zikhale ndi chizindikiro chakechake, ndipo zotsatira zake n'zakuti mu SQL, chilankhulo cholembera ma query, kuyerekeza zinthu ziwiri kumakhala ndi mayankho atatu: zoona, zabodza, kapena zosadziwika.

Tiyerekeze kuti mu zobwereka muli manambala 3, 7 ndi NULL, ndipo database ikuyesa membala nambala 5. Lamulo la NOT IN limafunsa ngati 5 ndi yosiyana ndi 3, ngati ndi yosiyana ndi 7, komanso ngati ndi yosiyana ndi NULL, ndipo mafunso onse atatu ayenera kukhala oona kuti membalayo atuluke. Awiri oyambawo ndi oona, koma lachitatu silingayankhidwe, popeza nambala yosadziwikayo mwina ndi 5 yemweyo. Yankho lonse limasanduka losadziwika, ndipo WHERE imalola mizere yokhayo imene yankho lake ndi loona. Zimenezi zimachitikira membala aliyense amene sali pa mndandandawo, n'chifukwa chake mukupeza tebulo lopanda kanthu popanda chenjezo.

Njira imene ine ndimaikonda ndi iyi, chifukwa NULL siisokoneza:

SELECT m.dzina FROM mamembala m WHERE NOT EXISTS (SELECT 1 FROM zobwereka z WHERE z.membala_id = m.id);

Ena amalumikiza matebulo awiriwo ndi LEFT JOIN kenako n'kusankha mizere imene mbali ya zobwereka ili IS NULL, ndipo nayonso imabweza zolondola. Komabe mudzifunse chifukwa chimene buku linalembedwera kuti labwerekedwa popanda wobwereka wake. Ngati zimenezo siziyenera kuchitika, konzani mizereyo ndipo muike lamulo la NOT NULL pa kolamuyo.

Khalidwe lomweli mudzalionanso kwina. Kulemba kuti WHERE kolamu = NULL sikubweza kanthu, m'malo mwake pamafunika IS NULL. COUNT(*) imawerenga mizere yonse pamene COUNT(kolamu) imadumpha imene ili ndi NULL, ndipo AVG nayo imadumpha mizere yotero m'malo moiona ngati ziro, zimene zimasintha avereji mwakachetechete. Amene amagwiritsa ntchito database ya Oracle akumbukirenso kuti kumeneko mawu opanda chilembo chilichonse amatengedwa ngati NULL, zimene PostgreSQL ndi MySQL sachita.

FUNSO: Ndalumikiza matebulo atatu: la maoda, la katundu wa mu oda iliyonse, ndi la maulendo otumizira katunduyo. Ndikaphatikiza kuchuluka kwa katundu ndi SUM, chiwerengero cha maoda ena chikutuluka chowirikiza kawiri kapena katatu. Mnzanga wandiuza kuti ndiike DISTINCT. Kodi ndimumvere?

YANKHO: Musamumvere pa nkhaniyi, ngakhale kuti malangizo akewo ndi ofala kwambiri. JOIN siika matebulo pambali pa anzake chabe. Imapanga mzere watsopano pa kugwirizana kulikonse kumene yapeza. Oda yokhala ndi mizere 3 ya katundu imene inatumizidwa maulendo 2 imatuluka ndi mizere 6, ndipo mzere uliwonse wa katundu umaonekera kawiri, kamodzi pa ulendo uliwonse. SUM ikuphatikiza molondola mizere imene yapatsidwa. Mizereyo ndiyo yachuluka. Maoda otumizidwa ulendo umodzi amatuluka bwinobwino, ndipo ichi ndi chifukwa chake vutoli limabisala nthawi yaitali.

SUM(DISTINCT kuchuluka) imachotsa manambala ofanana, osati mizere yobwerezedwa. Ngati mu oda imodzi muli zinthu ziwiri zosiyana, chilichonse chokwana 10, yankho loyenera ndi 20, koma DISTINCT idzakupatsani 10. Mudzakhala mutachotsa chiwerengero chochuluka moonekeratu n'kuikapo choperewera chimene palibe amene angachizindikire msanga, ndipo pa ziwirizi choipa kwambiri ndi chachiwiricho.

Choyenera ndi kuphatikiza tebulo lililonse palokha musanalilumikize. Pogwiritsa ntchito WITH kapena query yamkati, pangani mndandanda wa katundu wophatikizidwa ndi GROUP BY oda_id, kuti oda iliyonse ikhale ndi mzere umodzi. Chitani chimodzimodzi ndi maulendo, kenako mulumikize mindandanda iwiriyo ku tebulo la maoda. Ndipo nthawi iliyonse imene mukukayikira chiwerengero, chotsani kaye SUM ndi GROUP BY, sankhani oda imodzi imene mukuidziwa bwino, ndipo muwerenge ndi maso mizere imene yatuluka.

FUNSO: Mu tebulo langa la makasitomala anthu ena analembedwa kawiri kapena katatu ndi imelo yomweyo. Ndingachotse bwanji obwerezedwawo n'kusiya mzere umodzi pa munthu aliyense?

YANKHO: Gwiritsani ntchito ROW_NUMBER() OVER (PARTITION BY imelo ORDER BY id), imene imapatsa mizere ya imelo iliyonse manambala kuyambira pa 1, ndipo mizere yochotsa ndi imene nambala yake yapitirira 1. Njirayi inalowa mu malamulo a SQL a 2003; PostgreSQL inayamba kuilandira mu mtundu wa 8.4 m'chaka cha 2009, pamene MySQL 8.0 ndi SQLite 3.25 anailandira mu 2018, choncho ngati pulogalamu yanu ndi yakale kuposa pamenepa, mudzafunika kusunga mzere wa MIN(id) pa imelo iliyonse n'kuchotsa otsalawo.

Kulemba DELETE ndi gawo losavuta. Chovuta n'chakuti maoda ena angakhale akuloza ku mizere imene mukufuna kuchotsayo, motero muyenera kuyamba mwawasamutsira ku id imene ikutsala, apo ayi foreign key (lamulo lomangiriza oda iliyonse kwa kasitomala wake) idzakana, kapena, ngati inaikidwa ndi ON DELETE CASCADE, maodawo adzachotsedwa limodzi ndi makasitomalawo. Yambani ndi SELECT kuti muone mizere imene ikupita, kenako chitani ntchito yonse mkati mwa BEGIN, kuti ngati chiwerengero cha mizere yochotsedwa chakudabwitsani muthe kubwerera ndi ROLLBACK. Pa MySQL onetsetsani kuti tebulolo ndi la mtundu wa InnoDB, popeza la mtundu wa MyISAM silibweza zimene zachotsedwa. Mukamaliza, ikani lamulo la UNIQUE pa kolamu ya imelo, ndipo pa PostgreSQL mupange UNIQUE INDEX pa lower(imelo), imene imasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, chifukwa kupanda kutero imelo yomweyo yolembedwa ndi zilembo zazikulu idzalandiridwa ngati ya munthu wina.